Kutsatira makatungwe kuchoka ku Nottingham mpaka ku Hull

Nottingham, Loweruka

Ndafika masana mvula ikuwaza. Basi yochokera ku London yatenga maola oposa atatu ndipo mawondo akundiwawa mpaka pano. Kachipinda komwe ndapeza ndi ka £58 usiku umodzi, poti sabata ya Goose Fair, chionetsero cha makatungwe chomwe dzina lake limatanthauza "chionetsero cha atsekwe", malo ogona amakwera mtengo. Ndangoponya chikwama pabedi n'kukakwera tramu yopita ku The Forest, komwe kuli bwalo la chionetserocho.

Wandikokera paulendowu ndi mnyamata wina yemwe tinkanyamula naye katundu pamalo ena antchito nthawi yozizira yapitayi. Ankakonda kunena kuti ntchito ija ndi yongotayitsa nthawi, yake yeniyeni imayamba mu Febuluwale. Kwawo ndi anthu a makatungwe, aja amayendayenda ndi makina a zisangalalo m'matauni a ku Britain, ndipo bambo ake, agogo ake ndi amalume ake onse ndi mamembala a bungwe la Showmen's Guild of Great Britain. Anati ngati ndikufuna kumvetsa moyo wawo ndibwere mu Okutobala, ndidzaone akupasula ku Nottingham n'kukamanganso ku Hull.

Pabwalo pali phokoso loti munthu sungamve mnzako. Magetsi amitundumitundu, fungo la anyezi wokazinga, ana kukuwa m'mwamba. Ndayenda ulendo wautali ndithu ndisanapeze benchi la mayi ake, pomwe ana amawedza tiabakha tapulasitiki n'kupata zidole. Mayiwo sanandifunse zambiri. Anangoti, "Mwanangu, wazizidwa iwe, tenga ichi," n'kundipatsa kapu ya chakudya chodziwika cha pano, nsawawa zobiriwira zophika mpaka kufewa, zothira msuzi wa mint. Kunena zoona kukoma kwake sindinakuzolowere, koma m'mimba munafunda.

Chionetserochi n'chakalekale. Chikalata cha Mfumu Edward I cha 1284 chimachitchula kale, ndipo chinkachitikira pakati pa mzinda, pa Old Market Square, mpaka 1928 pomwe anachisamutsira kuno. Atsekwe omwe anachipatsa dzina sagulitsidwanso. Ndinamufunsa mnzangayo kuti mayi ake anawapeza bwanji malo abwino chonchi, pafupi ndi njira yomwe anthu ambiri amadutsa. Anaseka n'kunena kuti sanawapeze, anawasiyira ndi mayi awo.

Nottingham, Lamulungu usiku

Ndalemba izi zala zili gwa ndi kuzizira. Lero linali tsiku lotseka. Anthu atangoyamba kuchepa, nyimbo zinazima malo amodziamodzi, ndipo pasanathe theka la ola bwalo lonse linasanduka malo a ntchito. Ponseponse kumangomveka zitsulo kugundana ndi injini za mathiraki. Palibe yemwe amalamula mnzake mokweza mawu. Aliyense akudziwa chitsulo chomwe chimayamba kutsika ndi pomwe chimakagona m'thiraki.

Anandipatsa magolovesi kuti ndithandize kukulunga mawaya a magetsi. Ndinaopa, sindibisa, chifukwa mathiraki amabwerera m'mbuyo mumdima, kudutsana pamipata yoti dzanja silingalowe. Mtsikana wina wa zaka mwina 15 ndiye amalondolera thiraki la bambo ake ndi tochi, ndipo bambowo amatsata dzanja lake osakayika ngakhale pang'ono.

Tikumwa tiyi m'kalavani cha m'ma 2 koloko, bambo a mnzangayo anandifotokozera nkhani ya malo ija. Lamulo la bungwe lawo limati membala akaima pamalo amodzi pa chionetsero zaka ziwiri zotsatizana, malowo amakhala ndi ufulu woimapo chaka ndi chaka. Nthakayo si yake, ndi ya khonsolo kapena mwini wina, ndipo lendi amalipira. Chake ndi ufulu woti membala mnzake asamulande. Ufuluwo amatha kusiyira ana, kubwereketsa, ngakhale kugulitsa kwa membala wina. Akakangana awiri, mlandu umapita ku komiti ya chigawo chawo, poti bungweli lili ndi zigawo 10 m'dziko lonse, ndipo wosakhutira amachita apilo. Anati munthu sangatenge ngongole yogulira makina a ndalama zambirimbiri ngati sakudziwa kuti chaka chamawa adzawaimika pati. Pamenepa ndinamvetsa kuti chuma cha banjali si makina okha ayi. Ndi timalo ting'onoting'ono tobalalika m'matauni ambiri, tomwe amatidziwa pamtima mpaka muyeso wake.

Sheffield, Lolemba

Ndadzuka mochedwa, thupi lonse lili phwa. Sitima yopita ku Sheffield ndi ya pafupifupi ola limodzi. Ndinali nditalemberatu uthenga ku National Fairground and Circus Archive, nkhokwe ya zolemba ndi zithunzi za anthu a makatungwe yomwe ili pa University of Sheffield kuyambira 1994. Anaiyambitsa ndi Vanessa Toulmin, yemwenso anabadwira m'banja la ntchito yomweyi.

Ndakhala masana onse ndikuvundukula nyuzipepala zakale za World's Fair, yomwe inayamba kutuluka ku Oldham mu 1904. Kwa zaka zambiri imeneyi ndiyo inali njira yomwe anthu osakhala malo amodzi ankamvera za anzawo. Muli malipoti a misonkhano ya zigawo, malonda a makina ogwiritsidwapo kale ntchito, malo obwereketsa pa zionetsero, kenako masamba a maukwati, ana obadwa ndi maliro. Masamba a malirowa ndi omwe andigwira mtima. Banja limalemba uthenga wokumbukira agogo omwe anamwalira zaka zambiri zapitazo, ndipo chaka chotsatira alembanso. Anthu oti manda a makolo awo ali tauni ina, ana ali tauni ina, iwo eni ali pamsewu, ankakumana papepala limeneli sabata ndi sabata.

Ndaonamonso nkhani ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pomwe mamembala anasonkha ndalama n'kugulira dziko lawo ndege yankhondo ya Spitfire, yomwe anaitcha Fun of the Fair.

Madzulo ndadya tchipisi ndi nsomba za £9 nditaimirira pansi pa khonde la sitolo, mvula ikugwa. Ndagona msanga.

Salford, Lachiwiri

Sitima yopita ku Manchester inachedwa, ndipo tinakhala nthawi yaitali titaima pakati pa mapiri popanda wotiuza chifukwa. Gogo wina yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anandigawira mabisiketi n'kumandionetsa pawindo midzi yomwe ankayendamo ali mtsikana. Nditamuuza komwe ndikupita anati iye anakumana ndi malemu amuna ake pa chionetsero, pa makina aja a tigalimoto togundana. Zikuoneka kuti kuno aliyense ali ndi kankhani kake ka pa chionetsero, ngakhale ndi ochepa omwe anachezapo ndi eni makinawo.

Ndayenda wapansi kuwoloka mtsinje wa Irwell kukafika pa Black Lion, nyumba yomwera mowa pa Chapel Street. Pamalo amenewa ndi pomwe bungweli linabadwira mu 1889, pa dzina loti United Kingdom Van Dwellers Protection Association. Chomwe chinawasonkhanitsa sichinali malonda. Munthu wina wotchedwa George Smith wa ku Coalville ankakakamiza nyumba ya malamulo kuti ikhazikitse lamulo lokhudza anthu okhala m'nyumba zamatayala: azilembetsa m'kaundula, ndipo akuluakulu a boma azitha kulowa m'nyumba zawo kukayendera. Iye ankati akuchitira chifundo ana. Eni nyumbazo anaona kuti akuwatenga ngati anthu auve ofunika kuwalondalonda. Anagwirizana, anapeza aphungu owayankhulira, m'busa wina dzina lake Thomas Horne anaima nawo, ndipo biluyo sinadutse. Dzina loti Showmen's Guild linabwera pambuyo pake.

Ndakhala pakona ndi kapu ya tiyi ndikuganizira zimenezi. Bungwe lomwe lero limakambirana za lendi, inshuwalansi ndi dizilo linayamba ndi funso loti kodi munthu wokhala m'nyumba yamatayala ndi nzika yofanana ndi ena kapena ayi. Mawa ndikupita komwe funsoli likadali lamoyo.

Pa yadi, ku Yorkshire, Lachitatu

Basi ziwiri, iliyonse £3, kenako mnzangayo anadzanditenga pa siteji. Sinditchula dzina la malowa poti ndi pakhomo pa anthu. Ndi bwalo lalikulu la mpanda kuseri kwa mafakitale, pafupi ndi njanji. Mkati muli mabanja angapo apachibale, lililonse ndi poloti yake: nyumba yamatayala kutsogolo, mathiraki ndi makina kumbuyo. Kuno ndi komwe amakhala nthawi yozizira, kukonza ndi kupenta makina, ndipo okalamba ndi ana asukulu ambiri amakhala pompano chaka chonse.

Nyumba ya agogo a mnzangayo ndi yaukhondo moti ndinavula nsapato pakhomo ndisanauzidwe. Mbale zadothi zokongola zili ndandanda m'kabati yagalasi, zithunzi za makolo zili pakhoma, wina ataima pambali pa injini ya nthunzi. Agogowo anandikhazika pansi, anandipatsa supu ndi buledi, ndipo anayamba okha nkhani yomwe ikuwasowetsa tulo. Yadi yadzaza. Adzukulu akula, akwatira, agula makina awo, koma poti aimike palibe. Mdzukulu wina akugona ndi mkazi wake ndi khanda m'kalavani yaing'ono yopanikizika pakati pa mathiraki awiri.

Vuto lake n'loti malo otere ndi ovuta kupeza chilolezo chake. Si malo okhala okha, si malo antchito okha, ndi zonse pamodzi, choncho sagwera bwino m'magulu omwe a mapulani a mizinda amagwiritsa ntchito. Ndondomeko ya boma ku England imauza makhonsolo kuti aziwerengera anthu amenewa pokonza mapulani a malo, koma banja likapeza nthaka n'kupempha chilolezo, kawirikawiri anthu oyandikana nawo amalemba makalata okana. Ati mathiraki, ati phokoso, ati mitengo ya nyumba zathu itsika. M'mizinda ina mayadi akale akugulidwa kuti pamangidwe nyumba zogona. Agogowo anati, "Mwanangu, akatiwona ndi magetsi amatikonda. Tikazimitsa magetsi safuna kutiwona."

Zandipweteka. Sabata yomweyi ndaona ndi maso anga anthu zikwizikwi akusangalala pa makina a mabanja amenewa, ndipo n'kutheka kuti ena mwa iwo ndi omwe amasaina makalata okana aja. Sindikunena kuti madandaulo onse ndi abodza, thiraki ndi thiraki, limafuna msewu wotakata. Koma tauni yomwe imanyadira chionetsero chake cha zaka mazanamazana iyenera kukhalanso ndi yankho la komwe ochititsa chionetserocho azigona mu Januwale. Anandiuza kuti nkhani ya mayadi siisowa pa misonkhano ya chigawo chawo, ndipo akuluakulu a bungwe amathera nthawi yambiri m'maofesi a makhonsolo chifukwa cha yomweyi.

Ya sukulu nayo inatuluka. Mlamu wa mnzangayo anandionetsa chikwama cha mwana wake wa zaka 9, muli mabuku ndi mapepala a ntchito omwe aphunzitsi amamukonzera banja likamanyamuka. Mwanayo amalemba m'kalavani m'mawa, mayi ake n'kujambula ndi foni kutumiza kusukulu. Zigawo za bungweli zili ndi anthu osankhidwa kuti aziona za maphunziro, ndipo mayiyu anati sukulu ikayamba kuvuta pa nkhani ya kujomba, amaimbira ameneyo kuti akafotokoze. Iye anasiya sukulu msanga ndipo safuna kuti mwana wake adzatero.

Ndagona pampando wautali m'kalavani ya mnzangayo. Sitima zimadutsa usiku wonse.

Hull, Lachinayi

Tanyamuka kusanache, ine ndili m'thiraki la bambo ake lomwe limakoka ngolo yaitali. Liwiro lake ndi la pang'onopang'ono, ndipo pa mphambano iliyonse yozungulira mtima wanga umakwera m'mwamba. Tinaona mlatho wa Humber kudzanja lamanja kukuyera.

Hull Fair imachitikira pa Walton Street kuyambira 1888, ngakhale kuti chionetserocho chili ndi zaka zoposa 700. Bwalo lake lili pafupi ndi sitediyamu ya mpira. Tinapeza ambiri atamanga kale, ena anafika kumayambiriro kwa sabata. Pansi pali zizindikiro za penti zosonyeza malire a aliyense, ndipo ndinaona amuna awiri akuluakulu atagwada ndi tepi, akuyeza kampata kosakwana phazi limodzi. Sanakangane, koma sanasekenso mpaka atagwirizana.

Ndathera tsiku lonse ndikuonerera akumanga Waltzer ya amalume a mnzangayo, makina aja a mipando yozungulira pa thabwa lokwera ndi kutsika. Ntchito yaikulu ili pansi pomwe anthu saona. Bwalo silikhala losalala, ndiye amayamba ndi kuika timatabwa tochindikala pansi pa miyendo ya chitsulo, kuyeza ndi levulo, kuchotsa kamodzi, kuikapo kopyapyala, kuyezanso. Amalumewo anagona chamimba pa tala wonyowa akuyang'ana kadontho ka mu levulo, ndipo sanalole kuti chitsulo china chikwere mpaka kadonthoko kataima pakati penipeni. Anati ukalakwitsa apa, makina onse amadya mbali imodzi.

Atamaliza ananditengera m'kachipinda kolipirira n'kundionetsa pepala lomwe amalisunga m'pulasitiki. Chaka chilichonse makina amayesedwa ndi katswiri woima payekha pansi pa ndondomeko yotchedwa ADIPS, ndipo akapambana amapatsidwa chikalata chosonyeza kuti ndi oyenera kunyamula anthu. Popanda chimenecho ndi inshuwalansi, membala satsegula. Kuwonjezera apo m'mawa uliwonse amayendera okha mabawuti, mabuleki ndi zotsekera mipando n'kulemba m'buku. Ine ndimaopa makina amenewa kuyambira kale, ndipo kuona bukulo kwandichepetsera mantha kuposa mawu aliwonse.

Chakudya chamasana tinadyera pa sitepe ya thiraki, ndipo nkhani inali ya ndalama. Jenereta zimamwa dizilo usana ndi usiku. Mu Epulo 2022 boma linaletsa ntchito zambiri kugwiritsa dizilo wofiira, uja wa msonkho wotsika, koma zionetsero zoyendayenda ndi magulu a masewero a m'matenti (circus) anawasiyira kuti aziyendetsera makina awo. Amalumewo anati imeneyo ndi imodzi mwa ntchito zomwe amalipirira umembala, kuti pakhale wokawayankhulira ku London zinthu zisanalembedwe. Anakumbukanso 2020, chaka chomwe Hull Fair ndi Goose Fair sizinachitike chifukwa cha Covid-19, ndipo ku Nottingham sichinachitikenso mu 2021. Makina anangokhala pa yadi ngongole zikuyenda. Iwo anakayendetsa mathiraki a katundu, akazi awo anakagwira ntchito m'sitolo. Thandizo lina la boma linkadutsira kwa omwe ali ndi nyumba zochitiramo malonda, ndipo munthu yemwe malonda ake ali pa matayala ankapezeka kuti sakukwana m'fomu.

Ndapeza bedi m'nyumba ya alendo pafupi ndi Anlaby Road, £45. Madzi osamba ndi otentha bwino.

Hull, Lachisanu

Atsegula lero madzulo. Meya wa mzinda anabwera atavala unyolo wake waulemu, pamodzi ndi akuluakulu a bungwe a chigawo cha Yorkshire, analiza belu, ndipo makina onse anayamba nthawi imodzi. Msewu wa Walton Street wonse ndi mabenchi a zakudya mbali zonse ziwiri. Ndagula pattie, mbatatesi yosinja yothira masamba onunkhira n'kukazinga, pamodzi ndi tchipisi, komanso kathumba ka brandy snap, timabisiketi topiringa totsekemera kwambiri. Amagulitsanso makangaza, omwe anthu a kuno amati ndi chipatso cha nthawi ya chionetsero.

Ndakumana ndi bambo wina wogulitsa madonasi yemwe sanabadwire m'mabanja amenewa, ndipo anandipatsa mbali ina ya nkhani. Anati kwa zaka zambiri munthu wakunja kulowa m'bungweli kunali kovuta kwambiri, ndipo malo abwino onse ali kale ndi eni ake mpaka kwa adzukulu. Panalinso lamulo loletsa membala kuchititsa chionetsero china pamtunda wosakwana mamailosi awiri kuchokera pa chionetsero chokhazikika, m'masabata oyandikana nacho. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linafufuza malamulowa, ndipo mu 2017 a Guild anavomera kusintha ena: kufewetsa njira yolowera umembala, kuchepetsa ziletso pa zionetsero zopikisana, ndi kuika buku la malamulo awo poyera kuti aliyense aziwerenga. Bamboyo anati zinthu zasinthako, koma pang'onopang'ono.

Ndinabwerera pa benchi la mayi a mnzangayo ndikusinkhasinkha. Onse awiri akunena zoona. Mpanda womwe umateteza mbewu za mwini munda ndi womwewo umatsekereza wodutsa. Komabe nditaona yadi ija, ndikumvetsa chifukwa chomwe anthu omwe akhala akukanidwa malo kwa zaka zoposa 130 amagwiritsitsa timalo tomwe ali nato. Chomwe ndingafune n'choti khomo likhale lotseguka kwa wachinyamata wakunja yemwe ali ndi mtima wa ntchitoyi, popanda kulanda gogo malo omwe waimapo moyo wake wonse. Ndinawauza mayiwo maganizo amenewa ndipo anati nkhani yomweyi imawagawanitsa ngakhale iwo eni pa misonkhano.

Kenako anandikakamiza kukwera Waltzer ya achimwene awo. Ndinakwera. Mnyamata woyendetsa mipando anaupota mpando wanga mpaka ndinasiya kuona kuti kumwamba ndi kuti, ndipo nditatsika ndinakhala pansi kwa kanthawi miyendo ikunjenjemera. Amalumewo anakana ndalama yanga.

Hull, Loweruka m'mawa

Ndapita kukatsanzika anthu asanayambe kubwera. Ndinawapeza akusesa, ena akuthira girisi, mayi aja akuwerenga zidole zotsala. Akatseka kuno sabata yamawa, banjali ligawikana: ena ku Ilkeston, komwe chionetsero chimachitikira m'misewu ya pakati pa tauni, ena ku tizionetsero ta usiku wa makombola kumayambiriro kwa Novembala, kenako Loughborough, yomwe ambiri amaitenga ngati yotsekera chaka. Ikatha imeneyo ndi nthawi ya misonkhano ya chigawo, zisankho za komiti, maphwando awo apachaka ndi maukwati, poti miyezi ina yonse palibe yemwe ali ndi mpata wokwatira. Chaka chatsopano cha ntchito chimayamba pa 14 Febuluwale ku King's Lynn.

Bambo a mnzangayo anandiuza kuti pempho lawo lokulitsa yadi likuyembekezeka kukambidwa ku khonsolo nthawi yozizira ikubwerayi, ndipo aliyense amaloledwa kulemba kalata yovomereza kapena yokana. Ndawapempha nambala ya pempholo ndipo ndailemba kuseri kwa tikiti yanga. Basi yanga inyamuka pa siteshoni ya Paragon 11 koloko, ndipo kalatayo ndiyamba kuilemba m'njira.